Intaneti Yathu Inkaduka Ndikangoyatsa Kompyuta: Mmene Ndinapezera Gwero la Vutolo

Kwa milungu isanu, kuyambira kumayambiriro kwa Januwale mpaka m'katikati mwa Febuluwale, kunyumba kwathu ku Chirimba mumzinda wa Blantyre kunali vuto limene linkabwera pa nthawi yake osaphonya. Ndikangoyatsa kompyuta ya patebulo imene ndimawerengerapo ndalama za mabizinesi ang'onoang'ono a anthu, intaneti ya nyumba yonse inkaduka. Mauthenga a pa WhatsApp ankaima, mwana wanga wamkazi amene amachita maphunziro ena kudzera pa intaneti ankatulutsidwa m'kalasi phunziro lili mkati, ndipo pakapita mphindi ziwiri kapena zitatu zonse zinkabwerera zokha. Ndikulemba zimenezi chifukwa ndinaononga ndalama ndi masiku ambiri ndikufufuza kumene kunalibe vuto, pamene chizindikiro chenicheni chinali pamwamba pa kabati, pafupi penipeni ndi pamene ndimakhala.

Ndiyambe ndi kufotokoza mmene zinthu zinalumikizidwira, popeza nkhani yonse yagona pamenepo. Timagwiritsa ntchito rauta (kabokosi kogawa intaneti m'nyumba) ya 4G yolowa SIM khadi, imene ndinaiika pafupi ndi zenera kuti izikoka bwino netiweki. Mafoni ndi laputopu zimalowa pa Wi-Fi, koma kompyuta yanga imalumikizidwa ndi chingwe cha Ethernet chochokera kumbuyo kwa rauta. Pansi pa tebulo panali ekisitenshoni ya malo anayi, malo aliwonse ali ndi swichi yake, ndipo pamenepo ndi pamene panali kompyuta, sikirini, pulinta ya laser ndi adaputa ya rauta. Chifukwa choopa mphenzi ndi kusinthasintha kwa mphamvu ya magetsi m'nyengo ya mvula, usiku uliwonse ndinkazimitsa maswichi atatuwo n'kusiya ya rauta yokha ikuyaka.

Monga amachitira anthu ambiri, poyamba ndinaloza chala kampani ya netiweki. Ndinaimba foni kawiri, ndipo ulendo wonse uwiri anandiuza mwaulemu kuti m'dera lathu mulibe vuto lililonse. Sindinakhulupirire, choncho ndinagula SIM khadi ya kampani ina, ndinailembetsa ndi chiphaso changa, n'kugula bandulo yaikulu ndithu. M'mawa mwake nditayatsa kompyuta, intaneti inaduka chimodzimodzi. Pamenepo ndinayenera kuzindikira kuti makampani awiri osiyana, okhala ndi nsanja zosiyana, sangadwale nthenda imodzi pa mphindi yeniyeni imene ine ndakhudza swichi ya m'nyumba mwanga, koma maganizo anga anathamangira ku vairasi. Ndinatha madzulo atatu ndikusanthula kompyuta ndi mapulogalamu opha mavairasi, ndipo ndinatsala pang'ono kufufuta zonse kuti ndiikemo Windows mwatsopano, chinthu chimene chikanaika pachiswe mabuku a makasitomala anga popanda phindu lililonse.

Amene anandibweza panjira imeneyo ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, amene amakonza mafoni ndi makompyuta ku Limbe. Nditamufotokozera pafoni, anandifunsa funso limodzi lokha: "Malume, intaneti ikaduka, dzina la Wi-Fi yanu limaonekabe pa foni, kapena nalonso limasowa?" Sindinathe kuyankha, chifukwa masiku onsewo ndinkayang'ana sikirini ya kompyuta basi. Iye anati, "Mawa musayang'ane kompyuta ayi. Muuze mayi ayatse iwowo, inuyo muime patsogolo pa rauta, foni ili m'manja."

Tinachitadi zimenezo. Mayi a kunyumba atangodina swichi ya kompyuta pa ekisitenshoni, asanakhudze n'komwe batani la kutsogolo kwa kompyutayo, timagetsi tonse ta pa rauta tinazima nthawi imodzi. Kenaka kanayaka kamodzi kosonyeza kuti mphamvu yalowa, patapita kanthawi kanayaka ka Wi-Fi, ndipo pomalizira pake timizere tosonyeza mphamvu ya netiweki tinabwerera kamodzikamodzi. Pa foni yanga dzina la Wi-Fi linali litasowa kwa mphindi yoposa imodzi. Nditatsegula tsamba la rauta pa adiresi ya 192.168.8.1, pamalo osonyeza nthawi imene yakhala ikugwira ntchito panalembedwa mphindi ziwiri zokha, chonsecho inali itagona ikuyaka usiku wonse. Rauta sinkataya netiweki ayi. Inkazima n'kuyambanso.

Kusiyana kumeneku n'kofunika kwambiri, moti ndikupempha aliyense amene ali ndi vuto lotere kuti ayambire pamenepa asanagule kanthu. Mawu akuti "intaneti yaduka" timawagwiritsa ntchito pa zinthu zingapo zosiyana. Ngati timagetsi tazima ndipo dzina la Wi-Fi lasowa, ndiye kuti rauta yazima, ndipo kawirikawiri chifukwa chake ndi magetsi, kutentha kwambiri kapena kuonongeka kwa rautayo. Ngati dzina likuonekabe, foni ili yolumikizidwa koma masamba sakutseguka, vuto likhoza kukhala la maadiresi (manambala amene rauta imapatsa chipangizo chilichonse) a m'kati mwa nyumba kapena la pakati pa rauta ndi nsanja. Ndipo ngati zinthu zikutseguka koma mokwawa, ndiye kuti pali chipangizo chimene chikumeza njira yonse. Adiresi yotsegulira tsamba la rauta imalembedwa pansi pa rauta yomweyo. Marauta ambiri a Huawei amagwiritsa ntchito 192.168.8.1, pamene ena ambiri amagwiritsa ntchito 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1.

Kuyambira tsiku limenelo ndinatenga kope la mwana lakale n'kumalemba chilichonse chimene ndayesa, ndipo ndinadziikira lamulo losintha chinthu chimodzi pa ulendo umodzi. Choyamba ndinazula chingwe cha Ethernet kuti pakati pa kompyuta ndi rauta pasakhale kulumikizana kulikonse, kenaka ndinayatsa. Rauta inazimabe. Kuyesa kumeneku kunathetsa nkhani ya vairasi ndi ya Windows nthawi yomweyo, chifukwa kompyuta imene sinalumikizidwe, imenenso sinayambe n'komwe kuwerenga mapulogalamu ake, ilibe njira yotumizira kanthu ku rauta. Chimene zipangizo ziwirizi zinali kugawanabe chinali ekisitenshoni yokha.

Chimene chimachitika pamenepo ndi ichi. M'kati mwa kompyuta ya patebulo muli bokosi losandutsa magetsi a kukhoma, amene kuno kwathu ndi 230V, kukhala mphamvu yaing'ono ya 12V, 5V ndi 3.3V imene zipangizo za m'katimo zimafuna. M'bokosi limenelo muli makapasita akuluakulu, amene ntchito yawo ndi kusunga mphamvu monga mmene thanki imasungira madzi. Kompyuta ikagona yozimitsidwa pa swichi usiku wonse, makapasitawo amakhala opanda kanthu, ndiye swichi ikangodinidwa amakoka magetsi ochuluka kwambiri m'kanthawi kochepa kosakwana ngakhale kuphethira kwa diso. Aliyense amene anakhalapo m'nyumba ya mipopi iwiri pa paipi imodzi yopyapyala akudziwa kuti wina akatsegula mpopi wa panja mwamphamvu, madzi a kubafa amachepa. Pa waya wabwino ndi soketi yogwira zolimba, kutsika kwa mphamvu kumeneku kumakhala kochepa moti palibe chipangizo chimene chimakumva. Pa waya wopyapyala ndi soketi yokhwepa, kutsikako kumakula. Pulinta ya laser imaonjezeranso katundu, chifukwa ikamayamba imatenthetsa chitsulo chimene chimamatira inki ya ufa pa pepala, ndipo pa nthawiyo imakoka mawati mazana angapo.

Nditaizula kukhoma ekisitenshoni ija n'kuitsegula, ndinachita mantha. Timikuwa togwira mapini a pulagi tinali titada bii pamalo a kompyuta ndi a rauta, tinali titatasuka moti pulagi inkagwedera, ndipo pulasitiki yozungulira malo amodzi inali itasungunuka pang'ono n'kusanduka yofiirira. Waya wake, umene kunja unkaoneka wonenepa, m'kati munali timaulusi ta mkuwa towerengeka. Chinthu chimenecho chinali pansi pa tebulo lodzaza mapepala, m'chipinda choyandikana ndi chogona ana. Ndikunena motsindika kuti ekisitenshoni imene imatentha mukaigwira, imene imathetheka kapena kununkha pulasitiki yopsa, si yoyenera kuikonza ndi kuibwezera pamalo pake. Ichotsedwe tsiku lomwelo, kaya intaneti ikuvuta kaya sikuvuta.

Ndinasamutsa rauta n'kuiika pa soketi yakeyake ya kukhoma, mbali ina ya chipinda. Chingwe chili chozula, ndinayatsa kompyuta kasanu, ndipo rauta sinagwedezeke. Ndinauza onse m'nyumba kuti vuto latha. Koma nditabwezera chingwe m'mawa mwake, rauta inazimanso, kungoti ulendo uno sinazime pa nthawi yodina swichi. Inadikira mpaka Windows itatseguka, n'kuzima patapita pafupifupi mphindi imodzi. Apa ndi pamene ndinakhumudwa kwambiri, chifukwa zinkaoneka ngati ntchito yonse ndagwira pachabe, ndipo chikanakhala kuti si kope lija, ndikanaganiza kuti palibe chimene chasintha. Kopelo linkasonyeza kuti nthawi yozimira yasuntha, ndipo kusuntha kumeneko kunkatanthauza kuti vuto limodzi lachoka ndipo latsala lina.

Kuti ndidziwe ngati chingwe chenichenicho chinali ndi mlandu, ndinayatsa kompyuta n'kuiimitsa mu BIOS, tsamba limene limatseguka Windows isanayambe, kumene munthu amalowa podina F2 kapena Delete ikangoyamba kuyaka, malinga ndi mtundu wa kompyuta. Ndinaisiya pamenepo kwa mphindi khumi, chingwe chili cholumikiza, ndipo rauta inangokhala bwinobwino. Nditailola kulowa mu Windows, inazima. Zimenezi zinandibwezera ku maganizo a mapulogalamu, ndipo ndinatha masiku anayi ndikufufuza mbali imeneyo. Ndinatsegula Command Prompt, zenera la mu Windows lolembamo malamulo, n'kulemba ipconfig kuti ndione adiresi ya kompyuta, poganiza kuti mwina mwini wake woyamba, popeza ndinaigula yogwirapo kale ntchito mu ofesi ina, anaipatsa adiresi yokhazikika yofanana ndi ya chipangizo china. Ndinapeza kuti inkalandira adiresi yake kuchokera ku rauta kudzera mu DHCP, njira imene rauta imagawira maadiresi yokha, monga ziyenera kukhalira. Ikanakhala yoyamba ndi 169.254, chikanakhala chizindikiro chakuti kompyuta yapempha adiresi koma palibe amene waiyankha. Mu Device Manager, mbali ya Windows yoyang'anira zipangizo za m'kompyuta, ndinazimitsa Energy Efficient Ethernet, njira yopulumutsira magetsi imene inakhazikitsidwa mu 2010 pansi pa muyezo wa IEEE 802.3az, imene pa zipangizo zina imachititsa kuti kulumikizana kwa chingwe kuzidukaduka. Sizinasinthe kanthu, choncho ndinaibwezera mmene inalili. Ndinabwereka chingwe china, koma zotsatira zinali zomwezo.

Chida chimene chinandithandiza kwambiri m'masiku amenewo ndi ping. Pa laputopu ya mwana ndinkatsegula mazenera awiri a Command Prompt, m'limodzi n'kulemba ping 192.168.8.1 -t, m'linalo ping 8.8.8.8 -t, imene ndi adiresi ya makompyuta a Google a pa intaneti. Zenera loyamba limasonyeza ngati laputopu ikulankhulana ndi rauta, lachiwiri ngati ikufika kunja. Loyamba likamayankha koma lachiwiri lili chete, vuto lili pakati pa rauta ndi dziko lakunja. Kwa ine onse awiri ankaima pa sekondi imodzimodzi, ndipo zimenezi zinkatsimikizira zomwe timagetsi tinkanena kale.

Loweruka lake mphwanga anabwera yekha. Atamva zonse ndi kuwerenga kope langa, sanakhudze kompyuta. Anatembenuza rauta n'kuwerenga kapepala ka pansi pake, pamene panalembedwa 12V 1A, kutanthauza mphamvu (V) ndi kuchuluka (A) kwa magetsi amene rautayo imafuna. Kenaka anazula adaputa, n'kupita nayo pazenera kuti aone bwino tizilembo take tating'onoting'ono, ndipo anandifunsa kuti, "Malume, adaputa iyi inabwera ndi rautayi?" Pamenepo ndinakumbukira. Mu Disembala, usiku wina wa mvula ya mabingu, adaputa yoyambirira inapsa, ndipo m'mawa mwake ndinagula ina pamsika. Wogulitsayo anayesa kamutu kake pa rauta, kanalowa bwino, timagetsi tinayaka, ine ndinalipira n'kumapita. Pa adaputayo panalembedwa 12V 0.5A.

Masamu ake ndi osavuta. Mphamvu imene adaputa ingapereke imapezeka pochulukitsa manambala awiriwo: 12V ndi 1A ndi mawati 12, pamene 12V ndi 0.5A ndi mawati 6 okha. Rauta sikoka mphamvu yofanana nthawi zonse. Ikakhala phee, mafoni akungolandira mauthenga apo ndi apo, imadya pang'ono, ndipo adaputa yofookayo inkakwanitsa. N'chifukwa chake kumapeto kwa Disembala, pamene ndinali patchuthi osayatsa kompyuta, sitinaone vuto. Koma Windows ikangotseguka, kompyuta imayamba kufunsa zosintha zatsopano, kutumiza mafayilo kumalo osungira a pa intaneti ndi kutsitsa makalata, zonse nthawi imodzi. Pamenepo wailesi ya 4G ya m'kati mwa rauta imagwira ntchito mwamphamvu polankhulana ndi nsanja, makamaka kumene netiweki ili yofooka, khomo la chingwe nalo likudya mbali yake, ndipo chiwerengero chonsecho chinkapitirira chimene adaputayo ikanatha. Mphwanga anatulutsa mita yake yoyezera magetsi n'kundionetsa. Popanda katundu adaputa inkasonyeza 12.2V, koma kompyuta itayamba kutsitsa zinthu nambala inagwa mpaka pansi pa 9V, ndipo timagetsi tinazima ife tikuona. Adaputa yomweyo ndi imene inkalepheranso kupirira kutsika kwa mphamvu pa ekisitenshoni, choncho mavuto awiriwa ankathandizana.

Pogula adaputa yolowa m'malo mwa yoonongeka, kulowa kwa kamutu si umboni wokwanira. Nambala ya V iyenera kufanana ndendende ndi imene yalembedwa pa rauta, chifukwa yokulirapo ikhoza kuotcha chipangizo. Nambala ya A iyenera kufanana kapena kuposa, ndipo kuposako sikuononga kanthu, popeza rauta imangotenga mlingo umene ikufuna. Palinso kachithunzi kakang'ono kosonyeza ngati pakati pa kamutu ndi + kapena −, ndipo kayenera kugwirizana ndi ka pa rauta. Marauta ambiri amakhala ndi + pakati, komabe ndi bwino kuona ndi maso. Ndinaphunziranso kuti adaputa ikhoza kulembedwa manambala oyenera koma n'kukhala yofooka chifukwa cha ukalamba, makapasita ake atauma ndi kutentha, motero kubwereka ya mnzanu yofanana manambala kwa tsiku limodzi ndi njira yotsika mtengo yoyesera musanagule rauta yatsopano.

Tsiku lomwelo tinagula adaputa ya 12V 2A m'sitolo ya zamagetsi, pamodzi ndi ekisitenshoni ya waya wolemera yokhala ndi fyuzi ya 13A m'pulagi yake. Rauta inatsala pa soketi yakeyake, pulinta nayo ndinaipatsa soketi ya kukhoma. Tinayatsa ndi kuzimitsa kompyuta kasanu ndi kawiri, chingwe chili cholumikiza, ndipo palibe kagetsi ngakhale kamodzi kamene kanaphethira.

Chinatsala ndi chaching'ono, koma ndichitchule chifukwa kwa anthu ena ndicho chimakhala vuto lonse. Ngakhale rauta inasiya kuzima, kwa mphindi zingapo kompyuta ikangoyaka mawu a mphunzitsi pa laputopu ya mwana ankadukaduka. Mu Task Manager, mbali ya Windows yosonyeza zimene kompyuta ikuchita, ndinaona kuti kompyuta inkatenga pafupifupi njira yonse. Microsoft imatulutsa zosintha zake zazikulu Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse, ndipo masiku otsatira kompyuta imatsitsa zinthu zolemera. Ndinalowa mu Settings, pa Network & Internet, n'kuika kulumikizana kwa chingweko kukhala metered connection, zimene zimauza Windows kuti intanetiyi ndi yogula moyeza, isamatsitse zazikulu mwa yokha. Ndinazimitsanso mbali ya Delivery Optimization imene imalola kompyuta kutumiza zosinthazo ku makompyuta ena, ndipo pulogalamu yosungira mafayilo ndinailetsa kudziyambitsa yokha. Sindikulangiza munthu kusiya kulandira zosinthazi, chifukwa ndi zimene zimatseka mipata yolowera akuba a pa intaneti, ndipo ine ndimasunga ziwerengero za ndalama za anthu ena. Ndimazitsitsa ndekha Lachisanu usiku, onse atagona.

Pali zifukwa zina zimene mphwanga anati amakumana nazo pa ntchito yake, ngakhale kwathu sizinapezeke. Kompyuta imene inatsegulidwapo Internet Connection Sharing, mbali ya Windows yogawira intaneti ku zipangizo zina, imadzipatsa adiresi ya 192.168.137.1 ndipo ikhoza kuyamba kugawa maadiresi ake m'nyumba, kupikisana ndi rauta, moti foni imene yalandira adiresi yoyamba ndi 192.168.137 imaoneka yolumikizidwa koma osatsegula kanthu. Zipangizo za USB 3.0 nazo zimatulutsa phokoso la wailesi pafupi ndi 2.4GHz, pamene Wi-Fi nayo imagwirira ntchito, nkhani imene kampani ya Intel inafotokoza mu 2012, choncho rauta yokhala moyandikana kwambiri ndi kompyuta kapena ndi hadi diski ya panja ikhoza kufooka Wi-Fi yake kompyutayo ikayaka. M'zochitika ziwiri zonsezi timagetsi ta rauta sitizima, ndipo nthawi ya pa tsamba lake siyambiranso.

SIM khadi yachiwiri ija ndinaiika mu foni yakale kuti bandulo yake isapite pachabe. Adaputa ya 0.5A ndinailemba ndi cholembera chosafufutika n'kuiika m'kabati, kuopa kuti wina angaitenge tsiku lina n'kuilumikizanso. Mzere womaliza m'kope muja ndinaulemba pa 8 Malichi, ndipo umati rauta inali itayaka masiku 19 osazima, kufikira madzulo amenewo pamene magetsi anathima m'dera lonse.